Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo ku Gauteng: chilonda cha opaleshoni chikapola, musatitaye

Kwa akuluakulu a Dipatimenti ya Zaumoyo m'chigawo cha Gauteng, a Council for Medical Schemes, eni zipatala zimene zimachita opaleshoni yochepetsa thupi, ndiponso atsogoleri a mipingo, mizikiti ndi mabungwe a Amalawi okhala mu Johannesburg,

Olemekezeka,

Ndine mayi wa zaka 46, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndakhala kuno ku Joni zaka 17 ndikugwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ya zomangamanga. Mu 2022 ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi imene madokotala amaitcha gastric bypass. Ndinalowa m'chipatala ndikulemera makilogalamu 139, ndili ndi matenda a shuga amene ndinkadzibayira insulin tsiku ndi tsiku, ndi mawondo amene sankandilola kukwera masitepe a pa Park Station osapumira panjira. Lero ndikulemera makilogalamu 87, insulin ndinasiya, ndipo dokotala amene anagwira mpeni ndimamuthokoza mpaka pano. Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke woganiza kuti kalata ino ndi yonyoza opaleshoniyi kapena yoopseza amene akuiganizira. Dandaulo langa n'lakuti ntchito ya maola ochepa ya m'chipinda cha opaleshoni munaikonza mwaluso, koma zaka zonse zotsatira, zimene munthu amayenera kuphunziranso kudya, kukhala pakati pa abale ake ndi kudzizindikira akaima pagalasi, munazisiya m'manja mwa wodwala yekha.

Popeza ena mwa atsogoleri athu mwina sanamvepo bwino za opaleshoniyi, ndifotokoze mwachidule. Pa gastric bypass, dokotala amadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono ngati dzira, kolowa mamililita pafupifupi 30, kenaka amakalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbo. Pa njira ina yotchedwa sleeve gastrectomy, amachotseratu magawo pafupifupi 80 pa 100 a chifu, chotsalacho n'kukhala chowonda ngati nthochi. Chigawo cha matumbo chimene chimalambalalidwa pa bypass ndi chimene thupi limatengera ayironi ndi kashiamu wambiri, ndipo vitamini B12 kuti alowe m'magazi amadalira madzi ena opangidwa m'chifu. N'chifukwa chake munthu wochitidwa opaleshoniyi amamwa mavitamini mpaka tsiku la imfa yake, ambiri amabayitsa jakisoni wa B12, ndipo magazi ake amayenera kupimidwa kangapo m'chaka choyamba, kenaka chaka chilichonse. Akaleka, magazi amachepa, mafupa amafooka, ndipo mitsempha ya m'miyendo imatha kuwonongeka mwakachetechete. Zimenezi madokotala amazidziwa kuyambira kale, pakuti bypass inayamba kuchitidwa ndi Edward Mason ku Iowa m'zaka za m'ma 1960.

Tsiku lotuluka m'chipatala anandipatsa mapepala a Chingerezi onena za zakudya. Munali cottage cheese, Greek yoghurt, tuna ndi ufa wa mapuloteni wogula kufamasi, ndipo nsima, imene kuno amati pap, inatchulidwa kamodzi kokha, pamndandanda wa zoyenera kupewa. Kwa munthu wa kwathu, kumuuza zimenezo popanda kumufotokozera china n'chimodzimodzi kumuuza kuti asiye kudya, chifukwa amene sanadye nsima timati wagona ndi njala ngakhale atadya mpunga ndi nyama. Zinanditengera miyezi yambiri, ndikusanza ndi kuyambiranso, kuti ndizindikire ndekha kuti magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni amene ankafunika patsiku ndikhoza kuwapeza mu usipa ndi matemba amene amayi a ku Yeoville amagulitsa, m'mazira, m'nyemba zopsa bwino ndi m'nkhwani wotendera. Ndinaphunziranso kutembenuza mbale, kuyamba ndiwo n'kumalizira kambamu kamodzi ka nsima yofewa, pamene tonsefe tinakula tikudzudzulidwa kuti mwana wothamangira ndiwo ndi wankhuli. Madzi sindimwa pakudya. Ndimadikira mphindi 30. Katswiri wa zakudya amene amadziwa mphika wa munthu wakuda akanandiuza zonsezi m'ola limodzi.

Patatha miyezi 5 ndinapita ku chinkhoswe ku Rosettenville. Mayi wina wachikulire wa kuchikazi anandibweretsera yekha chikho cha thobwa, atachigwira ndi manja awiri, ndipo aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti chikho chotero sichibwezedwa. Thobwalo linali lothira shuga wambiri. Ndinamwa theka. Mphindi 20 zisanathe thukuta linali chuchuchu, mtima ukugunda ngati ng'oma, maso akuchita mdima, m'mimba mukupota, ndipo ndinapezeka nditagona pasimenti ya kuchimbudzi ndili m'chilundu changa chatsopano. Amayi anzanga anayamba kupemphera mokweza, wina akunong'ona kuti ndadyetsedwa. Madokotala amati dumping syndrome: zotsekemera zimagwera m'matumbo mwadzidzidzi popanda chifu chozichedwetsa, madzi a m'thupi n'kukhamukira komweko. Dzina limeneli linali m'mapepala aja, sindikana. Chimene munalibe ndi mawu oti ndimuuze mayi wachikulire wondipatsa thobwa osamuchititsa manyazi pagulu.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti inu akuluakulu a zaumoyo mumvetse, chifukwa pamakhala kusiyana kwakukulu pakati pa zimene sikelo yanu ikunena ndi zimene anthu athu akuona. Kafukufuku wa zaumoyo wa South Africa wa 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 aliwonse ali ndi thupi lopitirira muyeso, pamene wa ku Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza amayi 21 pa 100. Kwa inu manambalawa ndi vuto, ndipo n'chifukwa chake boma linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu April 2018. Kwa achibale anga, mawu akuti "mwanenepa" ndi moni wa ulemu, ndipo amatanthauza kuti Joni yakuyanjani komanso bambo akunyumba akukusamalani. Kuonda kuli ndi mbiri ina. Mu December 2023 ndinakwera basi yodzera ku Beitbridge ndi Tete kupita kumudzi, nditataya makilogalamu oposa 45. Amayi anga anapha nkhuku, anaphika nsima ya ufa woyera, ine n'kudya kachidutswa ka chiwindi ndi mbamu ziwiri, basi ndakhuta. Sanalankhule kanthu pamphasapo. Madzulo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, anandigwira dzanja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, ine ndine mayi wako, usandibisire. Mankhwala aja unayamba kumwa?" Sindikanawadzudzula. Mayi amene anaona maliro a m'zaka za m'ma 1990, pamene munthu ankabwera kuchokera kutauni ataonda n'kuikidwa m'manda mvula isanagwe, sangaone mwana wake atatha thupi n'kuomba m'manja. Nditawafotokozera kuti ndinachita kudulitsa chifu, funso lawo linali lakuti ndi munthu wanzeru uti amene amalipira ndalama kuti asamakhute nsima. Ena pamudzipo anatchula kaliwondewonde, ena anati ndakhwimira chuma. Ndinabwerera kuno ndili ndi shuga wabwino m'magazi ndi mtima wosweka, ndipo pa fomu ya kuchipatala panalibe malo olembapo chachiwiricho.

Ndisanachitidwe opaleshoni anandionetsa kwa katswiri wa zamaganizo kamodzi, kuti asaine kuti ndine woyenera. Pambuyo pake sindinamuonenso. Ulendo uliwonse wokapimidwa unkayenda chimodzimodzi: kukwera sikelo, kuyamikiridwa, kupatsidwa tsiku lina. Palibe anandifunsa kuti usiku ndikugona bwanji, ndipo inenso sindikanayamba ndekha kudandaula kwa anthu amene ankandionetsa kwa odwala anzanga monga chitsanzo chabwino. Zoona zake zinali zakuti kwa zaka zambiri chakudya ndi chimene chinkanditonthoza. Foni ikalira kuchokera kumudzi kuti pakufunika ndalama ya feteleza, ya fizi kapena ya bokosi la maliro, chitupa cha ntchito chikatsala pang'ono kutha, kapena mphekesera za kuthamangitsa obwera zikayambiranso, ndinkatsegula firiji. Opaleshoni inandilanda chitonthozo chimenecho m'tsiku limodzi, koma mavuto aja sanadulidwe nawo. M'chaka chachiwiri, sikelo itasiya kutsika ndipo oyamikira atazolowera, ndinayamba kumwa kapu imodzi ya vinyo ana akagona, ine amene sindinkamwa n'komwe. Munthu wa bypass mowa umamulowa m'magazi mofulumira kwambiri, kotero kapu imodzi imagwira ntchito ya makapu angapo. Pofika miyezi 6 ndinali kubisa mabotolo kuseri kwa thumba la ufa.

Nkhaniyi si ya ine ndekha, ndipo akatswiri anu akuidziwa. Kafukufuku wa ku Sweden wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987 n'kutsatira anthu oposa 4,000 kwa zaka zambiri, anasonyeza kuti ochitidwa opaleshoni amakhala ndi moyo wautali kuposa anzawo onenepa amene sanachitidwe. Kafukufuku yemweyo anasonyezanso kuti pakati pawo pamakhala ambiri odzivulaza ndi odzipha, ndiponso kuti mabanja awo amatha kawirikawiri, ngakhale kuti amene anali osakwatira ambiri amapeza banja. Ku America, kafukufuku wotchedwa LABS-2 anapeza kuti munthu mmodzi mwa 5 alionse ochitidwa bypass amaonetsa zizindikiro za vuto la mowa pasanathe zaka 5. Ngati phindu la opaleshoniyi mumalilengeza ndi umboni wa akatswiri amenewa, ndiye kuti chenjezo lawo liyeneranso kulowa m'dongosolo la chithandizo, osati kungolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono pa fomu imene munthu amasaina ali ndi mantha.

Za banja ndinenepo pang'ono, chifukwa n'zovuta kuzilemba. Bambo a ana anga ndi munthu wabwino, ndipo ndi iwo anandidikirira pakhomo la chipinda cha opaleshoni. Koma anakwatira mkazi wonenepa wosakonda kutuluka, ndipo mwadzidzidzi anapezeka ali ndi mkazi amene telala akumusokera madiresi atsopano ndipo amuna a pa renki ya Bree akumupatsa moni. Nsanje inalowa m'nyumba. Iwo sankadziwa kuti mkazi yemweyo akavula ankalira, chifukwa khungu limene linanyamula makilogalamu 139 silibwerera. Limalendewera pamimba, m'mikono ndi m'ntchafu, ndipo m'nyengo yotentha limatukusira m'mapindo mpaka kuchita zilonda. Tsitsi nalo linali litathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi. Ankhoswe athu anayesetsa, koma nzeru zawo zinali za ndewu ya ndalama ndi ya chibwenzi, osati ya mkazi amene sakulidziwa thupi lake. Mlamu wanga atamva kudandaula kwanga anangoti, "Achimwali, walira mvula walira matope." Mwambiwo ndimaudziwa, koma amene amaunena amaiwala kuti mvula ikagwa anthu a pamudzi amathandizana kulambula njira, sasiya mnzawo atatitimira n'kumamukumbutsa kuti mvulayo anaipempha yekha.

Kwa a Council for Medical Schemes ndi makampani a medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) amene mumawayang'anira, pempho langa ndi ili. Ambiri mwa iwo amalipira opaleshoniyi pa mapulani okwera mtengo okha, wodwala akuwonjezerapo ndalama yake, ndipo akalipira amaona kuti nkhani yatha. Mavitamini a moyo wonse amachoka m'thumba la wodwala, ndipo kuchotsa khungu lolendewera kawirikawiri kumawerengedwa ngati kudzikongoletsa, ngakhale likutulutsa mafinya. Ndikupempha kuti amene wavomera kulipira mpeni avomerenso, m'chikalata chomwecho, kulipira katswiri wa zakudya, katswiri wa zamaganizo ndi kupima magazi kwa zaka zosachepera 2, monga momwe malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, amanenera, ndi kupima kwa chaka ndi chaka pambuyo pake. Pali chinanso chimene chili kale m'malamulo koma sichilengezedwa. Pansi pa Medical Schemes Act ya 1998, munthu wopezeka ndi matenda aakulu a kuvutika maganizo ali ndi ufulu wogonekedwa masiku 21 kapena kuonana ndi katswiri maulendo 15 pachaka, pa pulani iliyonse. Ine ndinazimva kwa mnzanga wa kuntchito, mabotolo aja atachuluka kale. Zinayenera kunenedwa tsiku lotuluka m'chipatala, pamaso pa mwamuna wanga.

Kwa a Dipatimenti ya Zaumoyo, mwina mukuganiza kuti iyi ndi nkhani ya zipatala zolipira. Koma anthu a medical aid m'dziko lino sakwana 20 pa 100, ndipo kwa ambiri a ife imabwera ndi ntchito n'kupita ndi ntchito. Ntchito ikatha, chifu chodulidwa chija chimakaima pamzere wa kiliniki ya boma. Alipo enanso amene amakachitidwa opaleshoniyi kunja, ku India kapena ku Turkey kumene imatchipa, n'kutsika ndege ku OR Tambo ali ndi kalata imodzi ndi nambala ya WhatsApp imene imasiya kuyankhidwa pakapita masabata. Onsewa ndi anu, pakuti gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino, lonena za ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo, limanena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Tsiku lina msana utandivuta, namwino wa pa kiliniki ina anandipatsa Brufen ngakhale ndinamuuza za opaleshoni yanga, ndipo sindikumuimba mlandu chifukwa palibe anamuphunzitsa kuti mankhwala a mtundu umenewo, monga diclofenac ndi aspirin, amatha kuboola chilonda pamene kathumba kachifu kanalumikizidwa ku matumbo. Aspirin yemweyo ali mu Grand-Pa, mankhwala a mutu amene amagulitsidwa pa spaza (kagolosale) iliyonse, ndipo anthu athu amamumwa ngati madzi. Mapiritsi osungunuka pang'onopang'ono sagwira bwino ntchito mwa munthu wa bypass, mapiritsi olera sadalirika, ndipo mankhwala ena a maganizo ndi ma ARV ena amafunika kuunikidwanso. Mayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, pamene thupi likatsika kubereka kumabwerera mosayembekezeka. Munthu wosanza kwa masabata angapo amatha kusowa vitamini B1 mpaka ubongo kuwonongeka, ndipo ameneyo safunika kubwezedwa kunyumba ndi Panado.

Kwathu ku Malawi aliyense amayenda ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo kuno mwana aliyense ali ndi kabuku ka Road to Health. Ndikupempha kabuku kotero ka munthu wochitidwa opaleshoniyi, kolembamo mtundu wa opaleshoni, mankhwala oletsedwa, tsiku la jakisoni ndi zotsatira za magazi, ndipo pakhale tsamba limodzi la mafunso amene namwino ayenera kufunsa mokweza ulendo uliwonse: mukugona bwanji, mukumwa mowa wochuluka bwanji, kunyumba kuli mtendere, munaganizapo zodzipha. Funso lomalizali anthu amaliopa, koma ine ndikanayankha zoona akanandifunsa mu 2024. Dongosolo la dziko lino la zamaganizo la 2023 mpaka 2030 limalonjeza kuti chithandizo cha maganizo chizipezeka pa makiliniki apafupi, ndipo chigawo cha Gauteng, chimene chinataya odwala maganizo 144 amene anamwalira atasamutsidwa m'zipatala za Life Esidimeni, sichifunika kukumbutsidwa mtengo wa kunyalanyaza maganizo a anthu.

Kwa eni zipatala, gulu lolimbikitsana limene munatikonzera ndinapitako kawiri. Linkakumana pakati pa sabata 6 koloko madzulo, kumpoto kwa mzinda, m'Chingerezi chokhachokha. Wokhala ku Turffontein wopanda galimoto amakwera matekisi awiri kupita, ndipo pobwerera amafika m'tauni usiku, nthawi imene mayi sayenda yekha. Komanso pali zinthu zimene munthu sangazinene m'chinenero cha kuntchito. Chingerezi ndimachilankhula tsiku lonse, koma zimene amayi anandifunsa kuseri kwa nkhokwe ndikazimasulira zimasanduka nthabwala yoseketsa anthu, pamene kwa ine ndi bala. Bungwe la SADAG lothandiza ovutika maganizo, limene lili mu mzinda uno kuyambira 1994, lasonyeza kale kuti magulu otsogozedwa ndi odwala eniake ophunzitsidwa bwino amatheka, ndipo nambala yawo yaulere ya 0800 567 567 ndi imene ndinaimba usiku umene zinthu zinafika poipa. Tumizani akatswiri anu kumene anthu amakhala, Loweruka masana, ndipo mulole kuti wina azimasulira m'Chichewa, m'Chizulu, m'Chisutu kapena m'Chishona.

Tsopano kwa inu abusa, mashehe, akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi a Dorika, ndi atsogoleri a mabungwe a maliro, amene mawu anu amamveka kuposa a dokotala. Mukaona mmodzi wa ife waonda, musayambe ndi kunong'onezana, ndipo mukaona wayambanso kunenepa pang'ono, monga zimachitikira ambiri pakapita zaka 2, musamufunse kuti ndalama zake zinapita kuti. Mukalengeza masiku osala kudya, kapena mwezi wa Ramadan ukayandikira, nenani poyera kuti wodwala wotere afunse kaye dokotala, chifukwa munthu amene amamwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse sangathe kubwezera madzi a tsiku lathunthu pa nthawi imodzi, ndipo ambiri amasala mwamantha kuopa kuoneka ofooka m'chikhulupiriro. Pa maliro ndi pa ukwati, wina akatenga kambale kakang'ono, amayi ogawa chakudya asamuwonjezere mokakamiza kapena kumufunsa ngati akunyansidwa ndi mphika wawo. Ankhoswe nawonso auzidwe kuti mwamuna wa mkazi wotere, kapena mkazi wa mwamuna wotere, amafunika womumvetsera.

Pakali pano tilipo 9, amayi 7 ndi abambo 2, amene tinapezana m'mizere ya kufamasi ndi pa Facebook, ndipo timakumana Loweruka loyamba la mwezi m'galaja ya mmodzi wa ife ku Turffontein. Aliyense amabwera ndi kambale kake ndi botolo la madzi. Timakumbutsana za jakisoni, timagawana zovala zimene zatikulira, ndipo wina akasiya kubwera timapita kukagogoda kwawo. Koma mmodzi wa ife wayamba kumva dzanzi m'mapazi ndipo medical aid yake inatha pamodzi ndi ntchito, wina akutchova njuga pafoni mpaka ndalama ya lendi, ndipo pa zimenezi nzeru zathu zaperewera. Tikupempha holo ya mpingo kapena chipinda cha pa kiliniki kamodzi pamwezi, katswiri wa zakudya mmodzi wodziwa kuti mgaiwa n'chiyani, ndi katswiri wa zamaganizo mmodzi wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo, amene angakhale nafe maola 2. Womasulira tili naye kale, ndipo tiyi wopanda shuga tidzabweretsa tokha.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi wa ku Ntcheu wokhala ku Turffontein, Johannesburg